Kuyeza mtengo wa lamulo la bizinesi lisanakhazikitsidwe

Mwafunsa kuti ofesi yanu ikafuna kubweretsa laisensi yatsopano ya ogulitsa nyama mu Lusaka, muyeze bwanji zotsatira zake pa chuma. Lamulo la ku Zambia la Business Regulatory Act la 2014 limafuna kafukufukuyu, wotchedwa RIA (Regulatory Impact Assessment), ndipo amauunika ndi a BRRA (Business Regulatory Review Agency), bungwe la boma lounika malamulo okhudza mabizinesi.

1. Lembani vutolo m'chiganizo chimodzi. "Nyama yovunda ikudwalitsa anthu" ndi vuto. "Palibe laisensi" si vuto.

2. Ikani njira zitatu pambali, imodzi ikhale yosiya zinthu momwe zilili. Zinazo mudzaziyerekeza ndi imeneyi.

3. Werengani okhudzidwa. Pano ndi pomwe ambiri amapunthwa. Kaundula wa PACRA, bungwe lolembetsa makampani ndi mabizinesi, ali ndi mabizinesi olembetsa okha, choncho mayi wa kauntala imodzi ku Soweto Market kapena ku Chawama mwina mulibemo. Pitani mukawerenge nokha, muyerekeze ndi za ZamStats, bungwe la boma loona za ziwerengero.

4. Werengerani mtengo wa njira iliyonse. Chindapusa chokha sichikwana: onjezani firiji, magetsi, thiransipoti ndi tsiku lotayika pamzere. Mwachitsanzo, laisensi ya K500 ndi masiku awiri osagulitsa a K300 lililonse ndi K1,100. Kwa butchala wamkulu n'zochepa, kwa wamng'ono ndi mpamba wonse, ndipo akathawira kukagulitsa mobisa, nyama yosayezedwa ichuluka. Ndalama zomwe boma lidzalipira oyendera malo ogulitsira nyama musaiwale.

5. Phindu liwerengeni pa zaka zomwezo zimene mwawerengera mtengo.

6. Funsani okhudzidwa kwa masiku osachepera 30, zonena zawo muziike mu lipoti, ndiye mutumize ku BRRA nkhaniyo isanafike ku Cabinet.