Momwe mungalongedzere chikwama popita kukaona nyama ku Liwonde, Majete, Nyika kapena Luangwa

Ambiri akangomva kuti ulendo wokaona nyama watheka, amathamangira kusita zovala za ku ukwati ndi ku tchalitchi, maganizo ali pa zithunzi zokaika pa Facebook. Kutchire sikufuna zimenezo. Chikwama cha ulendo wotere chimakhala chaching'ono, ndipo cholowamo chilichonse chimasankhidwa poyang'ana malo amene mukupita ndi mwezi umene mukunyamuka.

1. Yambani ndi malo ndi nyengo

Majete ili ku Chikwawa, m'chigwa cha Shire, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kufika madigiri 40. Ku Liwonde ndi ku South Luangwa, tsidya lija la Chipata ku Zambia, nakonso kumawotcha miyezi imeneyi. Komabe iyi ndi nthawi yabwino yoonera nyama, chifukwa udzu umakhala utauma ndipo njovu, njati ndi nswala zimasonkhana kumene kwatsala madzi.

Ku Nyika nkhani ndi ina. Chelinda, pamene pali malo ogona alendo, ili pamwamba kupitirira mamita 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimatha kuyeretsa udzu m'mawa. Wopita kukaona mbidzi ndi ntchefu kumeneko atenge jekete yokhuthala, chipewa cha ulusi ndi masokosi otentha. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Marichi, onjezani chovala cha mvula, ndipo funsiranitu za misewu, chifukwa ina ya m'nkhalangomo imatsekedwa ndi matope.

2. Sankhani chikwama chofewa

Sutikesi yolimba ya matayala isiyeni kunyumba. Imadya malo m'galimoto, ndipo matayala ake sagwira ntchito pamchenga. Ngati mbali ina ya ulendo muyenda pa kandege kakang'ono, kawirikawiri amalola makilogalamu 15 okha, m'chikwama chansalu chomwe chingapanikizidwe. Pambali pake mukhale ndi kachikwama kobereka koyenda nako m'galimoto yoonera nyama.

3. Zovala: apa ndi pofunika kudekha

Mtundu wa chovala si nkhani ya kutchena. Ntchentche za kashembe zimakopeka ndi mtundu wa buluu ndi wakuda, n'chifukwa chake nsalu zimene amatchera ngati misampha ya kashembe m'nkhalango zimakhala za mitundu iwiri imeneyi. Mukavala jinzi yanu ya buluu ku Nkhotakota, ku Vwaza kapena ku Luangwa, ndiye kuti mwaziitana nokha. Kashembe akaluma zimapweteka, amaboola ngakhale nsalu yopyapyala, ndipo ndi amene amafalitsa matenda a kaodzera, omwe amapezekabe m'madera ozungulira Vwaza ndi Nkhotakota.

Zoyera nazonso sizithandiza. Zimaonekera patali, ndipo fumbi limazisandutsa zofiira tsiku loyamba lomwelo. Fufuzani za khaki, za bulauni kapena zobiriwira mozimiririka. Palibe chifukwa chogulira zodula m'sitolo, pa kaunjika zimapezeka zambirimbiri. Koma musatole zija zamawangamawanga zonga za asilikali, ngakhale zikukhaleni bwanji. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe munthu wamba saloledwa kuvala zimenezo, ndipo m'nkhalango momwe alonda amasakasaka opha nyama mozemba, si nzeru kuoneka ngati msilikali wosadziwika.

Pa ulendo wa masiku atatu kapena anayi, mabuluku awiri aatali, kabudula mmodzi, malaya atatu (awiri akhale a manja aatali) ndi zam'kati zokwanira masiku onse ndi zokwana. Malo ambiri ogona amachapa zovala, koma zam'kati mumachapa nokha, choncho kasopo kasatsale.

Chimene ambiri amaiwala ndi juzi. Amati ku Chikwawa kapena ku Liwonde n'kotentha, juzi ya chiyani? Galimoto zoonera nyama zimanyamuka cham'ma 6 koloko m'mawa kapena isanakwane, ndipo zimakhala zopanda mawindo. Mphepo ya mu Juni ikamakuwombani galimoto ili pa liwiro, mano amagundana. Pofika 9 koloko mwayamba kutuluka thukuta. Ndiye valani mosanjikiza: malaya opepuka m'kati, juzi pamwamba, kenako jekete, kuti muzivula chimodzichimodzi dzuwa likamakwera. Ulendo wamadzulo umayamba kukutentha n'kutha kutada, choncho zomwezo muzichita mobwerera.

Chitenje chimodzi chilowe m'chikwama, kaya ndinu mayi kaya bambo. Chimatchinga fumbi kumphuno, chimafunditsa kamera, ndipo masana kukawotcha mumachinyowetsa n'kuchiyala pamapewa.

4. Nsapato ndi chipewa

Nsapato zotseka zomwe mwaziyendera kale, osati zatsopano zomwe zingakutulutseni matuza. Izi n'zofunika kwambiri ku South Luangwa, komwe kunatchuka ndi maulendo oona nyama wapansi, motsogozedwa ndi mlonda wa mfuti. Minga ndi nkhupakupa zimadikira m'udzu, choncho masokosi akhale aatali. Patapata ndi wosambira ndi kuyendera pamsasa masana basi. M'mawa uliwonse kutumulani nsapato musanavale, chifukwa zinkhanira zimakonda kubisalamo.

Chipewa chikhale cha mlomo waukulu ndi chingwe chomangira pachibwano. Chopanda chingwe chimauluka, ndipo woyendetsa sangakulolezeni kutsika kukachitola paliponse. Ku Majete kuli mikango kuyambira 2012, ku Liwonde inabwezeretsedwa mu 2018.

5. Mankhwala

Tonse timaudziwa udzudzu, koma wa m'mphepete mwa Shire ndi Luangwa ndi wochuluka kuposa wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Tengani mafuta odzola othamangitsa udzudzu, ndipo dzuwa likangolowa valani za manja aatali. Ngati mukagona m'tenti yanuyanu, neti musaisiye. Amene mukuchokera ku Britain kapena ku Joni ndipo mwakhalitsako, kaonaneni ndi dokotala za mankhwala opewera malungo musananyamuke, chifukwa thupi likakhala zaka kunja chitetezo chija chimachepa. Ana anu obadwira kumeneko alibiretu.

Onjezani panado, mapaketi angapo a Thanzi, mapulasitala, mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi botolo lalikulu la madzi. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, tengani opitirira masiku a ulendo ndipo muwasunge m'kachikwama kobereka kaja. Mukabwerako n'kuyamba kutentha thupi, kayezetseni msanga ndipo muwauze achipatala kumene munali, makamaka ngati kashembe anakulumani.

Chovala chosambira n'cha padamu losambirapo la pamalo ogona pokha. Mumtsinje wa Shire muli ng'ona ndi mvuu zosawerengeka, mudzadzionera nokha pa ulendo wa boti.

6. Zoonera ndi zamagetsi

Mukanati musankhe pakati pa kamera yodula ndi bainokulasi (magalasi oonera patali), ine ndikanati bainokulasi. Nyalugwe ali pa nthambi kapena nkhwazi ili patsidya, foni imangojambula kadontho. Ngati mulibe, bwerekani, ndipo ana akhale ndi mpata wogwira nawo, apo ayi atopa ola loyamba lisanathe.

Misasa yambiri imadalira magetsi a dzuwa, ndipo kwina amatchaja mafoni pamalo amodzi okha, ndiye pawabanki ndi yofunika. Tochi nayo ndi yofunika, chifukwa mvuu zimatuluka usiku kudzadya msipu pafupi ndi matenti. Netiweki imavuta, choncho mapu ndi makalata otsimikizira malo ogona muwasungiretu mu foni. Kandege kojambulira ka droni sikaloledwa popanda chilolezo. Sipika ya nyimbo itsalenso, palibe amene walipira kuti adzamve nyimbo zanu.

7. Ziphaso ndi ndalama

Pazipata za malo osungira nyama mtengo wa Mmalawi ndi wotsika poyerekeza ndi wa mlendo wakunja, koma amafuna umboni. Chiphaso cha unzika chikhale m'thumba. Tenganinso ndalama zogwirika, zina zing'onozing'ono zothokozera wokuonetsani nyama ndi ogwira ntchito, popeza makina olipirira amadalira netiweki yomwe ija.

Opita ku Luangwa kudzera pachipata cha Mchinji ndi Mwami afunika pasipoti. Ngati mukuyendetsa galimoto yanu, bulubuku, laisensi ndi inshuwalansi yogwira ntchito ku Zambia, monga Yellow Card ya COMESA, zikhale pamodzi m'envulopu imodzi. Thirani mafuta odzaza ku Chipata musanatsike ku Mfuwe, komwe kuli chipata cha South Luangwa, ndipo tayala lapadera mulipope musanachoke kunyumba.

8. Zakudya ndi kutseka chikwama

Ngati mukaphika nokha, zakudya zikhale m'bokosi lotseka bwino ndipo lizikhala m'galimoto. Anyani ndi apusi a pamisasa anazolowera anthu, zipi ya tenti amaidziwa kutsegula. Zipatso musasunge mogona, fungo lake limakopa njovu. Musaiwale thumba lobwerera nalo zinyalala zanu.

Usiku woti mawa ulendo, yalani zonse pabedi. Nsapato ndi zolemera zipite pansi, zovala muzikulunge m'malo mozipinda kuti zisadye malo. Juzi, chipewa, tochi, mankhwala, madzi ndi ziphaso zilowe m'kachikwama kobereka, chifukwa mukafika pachipata masana, ulendo woyamba woona nyama umatha kunyamuka musanamasule chikwama chachikulu.