Momwe mungaphunzitsire ana nkhani ya Naina Devi

Aphunzitsi anzanga, mukafika pa mutu wa chipembedzo cha Chihindu musayambe ndi kudzaza mayina pabolodi. Ine kuno ku Senga Bay ndimatengera ana kugombe, nkujambula diso lalikulu pamchenga ndi kamtengo. Ndikatero ndimawauza kuti ku India, m'mapiri a Himalaya m'chigawo cha Uttarakhand, kuli nyanja yotchedwa Naini, yaing'ono moti tsidya lina limaoneka bwinobwino, ndipo Ahindu amati m'menemo ndi momwe mudagwera maso a mulungu wamkazi Sati. M'Chihindi diso amati nain, ndiye gwero la dzina la tauni ya Nainital, ndiponso la Naina Devi, dzina lomwe Ahindu amamupembedzera nalo Sati kumeneko.

Nkhaniyo muifotokoze mosathamanga. Sati adakwatiwa ndi mulungu Shiva, bambo ake Daksha asakufuna. Tsiku lina Daksha adakonza mwambo waukulu wa nsembe, naitana milungu yonse kupatula mkamwini wakeyo. Apa imani kaye, muwafunse: apongozi akachita mwambo osamuuza mkamwini, pamudzi pamakhala mtendere? Ana a kuno chikamwini amachidziwa, amayankha molimbirana. Sati adapitabe, ndipo atamva bambo ake akunyoza mwamuna wake pagulu, adadziponya pamoto wa nsembe. Shiva adasenza mtembowo nkumayendayenda nawo, ukali wake utatsala pang'ono kuwononga dziko, mpaka mulungu wina, Vishnu, adauduladula ndi chida chake chozungulira chotchedwa Sudarshana. Paliponse pomwe padagwa chiwalo padasanduka malo opatulika, Shakti Peetha. Ambiri amawerenga malo 51.

Chonde musayambe ndi "padangokhala". Ana akangoyankha "tilitonse" amaiyesa nthano ya Kalulu, pamene anthu miyandamiyanda amapembedza nayo mpaka lero. Ine ndimati "Ahindu amakhulupirira kuti", kenako ndimawakumbutsa za M'bona, yemwe mutu wake udapatulitsa nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje. Pamenepo phwete limatha.

Za kachisi wa Naina Devi musachulutse. Ali kumpoto kwa nyanjayo, kudera lotchedwa Mallital, ndipo m'kati mwake mulunguyo amaimiridwa ndi maso awiri. Wolowamo amavula nsapato. Mu Seputembala 1880 phiri lidagumuka kutagwa chimvula, nkupha anthu 151 ndi kukwirira kachisi woyamba, ndipo anthu adamanganso wina.

Musanabwerere m'kalasi, mwana aliyense ajambule maso awiri pamchenga nkufotokozera mnzake nkhaniyo kuyambira pa Daksha. Amene wasokoneza Shiva ndi Vishnu mumugwira pomwepo.