Kalilole wa pakhoma wolemekeza amayi: mmene mungamupangire

Mwafunsa mmene mungakongoletsere kalilole ndi zojambula za makolo zolemekeza amayi. Chitani motere.

Gulani galasi lozungulira la masentimita 30. Kalipentala akudulireni thabwa la plywood lozungulira la masentimita 46, kuti m'mphepete monse mutsale masentimita 8. Likwecheni ndi sandipepa, mulipake penti yofiirira ngati katondo, liume.

Kenaka jambulani ndi pensulo, ndipo apa musafulumire. Ine ndimakonda mphini, timizere tifupitifupi tija agogo athu aakazi ankatema pamasaya ndi pachipumi. Tikaikidwa m'magulumagulu kuzungulira galasi timakongola kwambiri. Mungatengerenso zojambula zoyera za pamiyala, monga za ku Thandwe m'dera la Chipata, kapena za ku Chongoni ku Dedza. Za ku Chongonizo bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina za ku Chongoni n'za chinamwali cha atsikana, choncho yambani mwafunsa anamkungwi, chifukwa si zonse zopachika pabalaza.

Dutsitsani penti yoyera pamizereyo ndi kaburashi kakang'ono. Ikauma, pakani vanishi kawiri.

Matani galasi pakati ndi guluu wa magalasi. Silikoni wonunkha ngati viniga musamugwiritse, amadya kumbuyo kwa kalilole n'kusiya mawanga akuda. Tsindikani ndi chinthu cholemera maola 24.

Tungani mikanda pa ulusi wa nayiloni, muizungulize m'mphepete mwa galasi mizere iwiri kapena itatu, mukumata pang'onopang'ono. Kumbuyo khomani kokolowekera ndi masikuluu aafupi osaboola thabwa.