Momwe mungafululire kriek, mowa wowawasa wa zipatso wa ku Belgium

Kumwera chakumadzulo kwa Brussels, m'dera la Pajottenland ndi m'chigwa cha mtsinje wa Senne, amafulula mowa wotchedwa lambic umene sathiramo yisiti wogula. Mowawo umatola wokha tizilombo towiritsa kuchokera mumphepo ndi m'matabwa a nyumba yofululiramo. Akauthira zipatso zofiira za cherry umatchedwa kriek, akauthira raspberry ndiye framboise. Mabotolo ena amatuluka kamodzi kokha pachaka ndipo anthu amachita kulimbirana. Mukatsatira njirayi mpaka kumapeto, mudziwa chomwe mowawu umachepera chonchi.

1. Dikirani kuzizire

Ku Belgium amafulula kuyambira kumapeto kwa Okutobala kufika cha mu Epulo basi. Usiku ukafunda, tizilombo toononga timachuluka mumphepo ndipo mowa umaola. A ku Cantillon, nyumba yofululira mowa ya ku Anderlecht, mu Brussels, imene inayamba mu 1900, anachita kutaya mowa wawo mu Novembala 2015 chifukwa usiku sunkazizira mokwanira. Ngati kwanuko usiku kutentha sikutsika kufika cha pa madigiri 8 Celsius, musataye chimera chanu.

2. Konzani phala

Tengani magawo awiri a chimera cha balere ndi gawo limodzi la tirigu wosameretsa. Pophika, ofulula a kumeneko amatapa madzi a mbuu a m'phalamo n'kuwatenthetsa padera, kenako n'kudzawabweza. Amachitira dala kuti sitachi wina asasanduke shuga msanga. Yisiti wamba sangamuthe sitachi ameneyu, ndiye amatsala kukhala chakudya cha tizilombo tochedwa, tomwe ntchito yathu yagona pa ito.

3. Wiritsani ndi hops wokalamba

Sefani, muwiritse madziwo kwa maola atatu kapena anayi. Hops wake, maluwa ouma amene amawawitsa mowa, akhale woti wakhala zaka ziwiri kapena zitatu, fungo ndi kuwawa zinachoka kale. Chomwe tikufuna kwa iye ndi mphamvu yoteteza mowa kuti usaole. Kuwawa kwa hops watsopano kukakumana ndi kuwawasa kwa lambic, pakamwa sipakhala mtendere.

4. Muugoneke poyera usiku umodzi

Madzi otenthawo amawapopera m'chipinda cha pamwamba, pansi penipeni pa denga, m'chibeseni chachikulu chosazama chotchedwa koelschip. Cha ku Cantillon n'cha mkuwa. Amatsegula timazenera, nthunzi n'kudzaza chipinda chonse, mphepo yozizira n'kumadutsa pamwamba pa madziwo mpaka m'mawa. Pofika kukacha azizira ndipo atola zonse zimene zimafunika. N'chifukwa chake eni nyumbazi safuna kusintha matabwa akale a m'chipindacho, ndipo akangaude sawapha, poti ndiwo amagwira ntchentche zobwera ndi zipatso.

5. Thirani m'migolo, muiwaleko

Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa ulesi. Migolo yake ndi ya mtengo wa oak kapena chestnut, kawirikawiri yoti munakhalapo kale vinyo. Masiku oyamba thovu loyera limasefukira pakamwa pa mgolo. Musalawe nthawi imeneyi, chifukwa mabakiteriya oyamba kuswana ndi a mtundu wosayenera m'mimba, ndipo amatha pokhapokha mowa ukayamba kusasa ndi kulimba. Kenako yisiti wamba amadya shuga wapafupi kwa miyezi ingapo.

Nyengo yotentha ikafika, bakiteriya wotchedwa Pediococcus amatenga malo. Ndiye amabweretsa kuwawasa kuja, koma nthawi zina amachititsa mowa kunanda ngati therere, ukathira m'tambula n'kumatsika ngati ulusi. Ofulula amati mowa wadwala. Wongoyamba kumene amathamangira kutaya, pamene wozolowera amangotseka chitseko n'kupita, podziwa kuti yisiti wa m'tchire, Brettanomyces bruxellensis, adya kunandako pang'onopang'ono n'kusiya fungo lake lija lokhala ngati la chikopa ndi udzu wouma. Dzina lake lomwe likuloza ku Brussels. Zonsezi zimatenga chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo migolo iwiri yothiridwa tsiku limodzi, yogundana, imatha kutuluka yosiyana. Choncho lawani mgolo uliwonse pawokha. Umene wasanduka viniga, utayeni osaumvera chisoni, chifukwa zipatso sizingaubise.

6. Thirani zipatso

Cherry wowawasa amapsa cha mu Julayi, ndipo mwa kale kriek ankadikira mwezi umenewo. Mtundu wotchuka ndi wa Schaarbeek, timbulu tating'ono takuda, ta nthangala yaikulu ndi mnofu wochepa. Mitengo yambiri ya cherry ameneyu inatha pamene mzinda wa Brussels unkakula, moti ofulula ambiri masiku ano amaitanitsa cherry ku Poland ndi mayiko ena. A ku 3 Fonteinen, nyumba ina yofululira mowa ya ku Beersel, amachita kusonkhanitsa cherry wa Schaarbeek m'minda ya mabanja a m'deralo, ndipo mitengo ikabereka pang'ono, mabotolo nawonso amachepa.

Muyezo wake ndi wochuluka kuposa momwe mungaganizire. Kriek wamba wa ku Cantillon amathira magalamu 200 a zipatso pa lita imodzi, pamene kriek wawo wina wotchedwa Lou Pepe Kriek amathira 300. Fou' Foune, lambic wawo wa zipatso za apricot, nayenso ndi 300. Sankhani lambic wa chaka chimodzi kapena ziwiri, muthire zipatso zathunthu, nthangala zomwe. Nthangalazo zimapereka kafungo ka mtedza wa almond, koma zikakhalitsa kafungoko kamaposa muyezo. Shuga wa m'zipatso amadzutsa mowa uja, umayambanso kuwira, thovu lake la pinki. Pakatha miyezi iwiri kapena kuposerapo mudzapeza makungu otuwa ndi nthangala zokhazokha, mtundu wonse utalowa mumowa. Raspberry ndi apricot sizichedwa chonchi ayi.

Zotsekemeretsa musathiremo. Kriek wambiri wa m'masitolo ndi wothira madzi a zipatso ndi shuga, ndipo kunena zoona ndi chakumwa china. Dzina loti Oude Kriek ndi lotetezedwa ndi malamulo a European Union, ndipo mukaliona pabotolo dziwani kuti mowawo unawiriranso m'botolo momwemo monga mwa kale.

7. Sefani, sakanizani, tsekerani

Patulani mowa ku zipatso. Kuti udzakhale ndi mpweya, sakanizaniko lambic wosakhalitsa amene akadali ndi shuga, kapena shuga pang'ono woyeza bwino. Mabotolo akhale okhuthala ngati a shampeni, otseka ndi chitsekerero cha cork chomangidwa ndi waya kapena chophimbidwa ndi chitsulo. Botolo lopyapyala limaphulika. Agonekeni cham'mbali m'chipinda chozizira kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Mphamvu yake imakhala cha pa 5 mpaka 7 peresenti.

Lembani tsiku lotsekera pa botolo lililonse. Mukafuna kukoma kwa chipatso, tsegulani m'chaka choyamba kapena chachiwiri, chifukwa likakhalitsa mtundu umazirala ndipo kuwawasa kumakula. Pothira m'tambula pendeketsani botolo pang'onopang'ono, nsenga zitsalire pansi.