Achule achuluka pakhomo panu? Nazi zoyenera kuchita dzinja lino

Mvula yobzalira ikangogwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, usiku sukhalanso wa zii. Kudambo kumamveka chiphokoso, m'ngalande za m'mbali mwa msewu chimodzimodzi, ndipo ukatsegula chitseko cha kukhonde umapeza achule atatu kapena anayi atakhala phee pansi pa babu. Ambiri timathamangira mchere, madzi otentha kapena khasu. Ena amafika poganiza kuti pali munthu wawatumiza. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa nyamazi sizinabwere kudzalimbana ndi munthu. Zatsata zinthu zitatu zokha: madzi oti ziikiremo mazira, tizilombo toti zidye, ndi malo a chinyontho obisalamo masana. Nyengo yonse ya chilimwe zinali pompano, zitabisala m'nthaka ndi pansi pa miyala.

Choyamba: dziwani chule amene mwamuona

Tengani tochi ikamakwana 7 koloko madzulo, muzungulire nyumba pang'onopang'ono. Valani nsapato zotseka, chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Amene mudzamuone kwambiri ndi chule wa khungu louma la tiziphuphu, wa miyendo ifupiifupi, woyenda modumpha pang'onopang'ono. Kuseri kwa maso ake kuli timatumba tiwiri totupa. Kulira kwake kuli ngati mkonono wa munthu wotopa, ndipo olirawo ndi amphongo okha, akuitana akazi. Uyu ndiye mlonda wa pakhonde: ngumbi, mphemvu, nyerere, agulugufe a usiku, zonse amameza.

Wina ndi finye, wozungulira ngati mpira, wa nkhope yophwatalala, amene amadzitupitsa mukamukhudza. Finye safuna dziwe. Amaikira mazira m'kauna ka pansi pa nthaka ndipo ana amatuluka ali kale tiachule, osadutsa m'madzi. Mukamuona poyera ndiye kuti mvula yanyowetsa nthaka ndipo ngumbi zikutuluka.

M'madera otentha monga ku Liwonde ndi ku Chigwa cha Shire mudzaona thovu loyera, lalikulu ngati nkhonya ziwiri, litamatirira ku nthambi yolendewera pamwamba pa madzi. Limenelo ndi chisa cha chule wa mumtengo, wotuwa uja amene amayera mbee akakhala padzuwa. Mazira ali m'kati mwa thovulo, ndipo pakapita masiku ochepa mbululu zimagwera m'madzi a pansipo. Musalithyole, aitaneni ana adzaone.

Pali mmodzi woti musamugwire ndi manja: wakuda wosalala, wa mizere yofiira kapena ya olenji m'mbali mwa msana. Madzi a pakhungu pake amawawa kwambiri akalowa pachilonda kapena m'maso.

Chachiwiri: fufuzani kumene akuswanira

Kukacha yenderani paliponse pamene pamadikha madzi: maenje amene munakumba poumba njerwa, ngalande yotsekeka, matayala akale, chithaphwi cha kuseri kwa bafa. Weramani muyang'ane bwino. Mukaona zingwe zazitali zoterera ngati therere, zokhala ndi timadontho takuda tondondozana, zitakulungidwa ku udzu wa m'madzi, amenewo ndi mazira a chule wa tiziphuphu uja. Wamkazi mmodzi amaikira mazira oposa 10,000 nthawi imodzi. Pakangopita masiku ochepa mumapeza timbululu takuda bii titaunjikana m'mphepete mwa madzi, ndipo pakatha mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri timatuluka tili ndi miyendo, tating'ono ngati chikhadabo. Ndiye chifukwa chake mu Januwale ndi Febuluwale bwalo limatha kudzaza tiachule mpaka kusowa poponda. Musade nkhawa, tambiri timadyedwa ndi anantchengwa, akakowa, ng'azi ndi njoka, ndipo totsala timabalalika patangopita masabata ochepa.

Apa pali chinthu chimene ambiri timalakwitsa. Timamva kuti achule amadya udzudzu, ndiye timasiya zithaphwi pakhomo poganiza kuti zitithandiza. Chule wamkulu amadyadi udzudzu akaupeza, koma mbululu zambiri zimadya ndere, osati mphutsi za udzudzu. Udzudzu umatha kukula kuchoka pa dzira kufika pouluka m'masiku osapitirira 10 kukamatentha, mbululu zisanamere ndi mwendo womwe. Choncho madzi odikha oyandikira nyumba achotseni: kwirirani maenje a njerwa, amenenso ndi oopsa kwa ana aang'ono, tsegulani ngalande, vundikirani zidebe. Kudambo ndi kumtsinje asiyireni achulewo. Neti yokha musasiye kugonamo.

Chachitatu: tetezani chitsime

Chule akagwera m'chitsime chakuya satha kutulukamo, amafera momwemo. Ife zinatichitikira chaka china: madzi anayamba kamfungo, titaunika ndi tochi tinapeza awiri akuyandama chagada. Tinakapa chitsime chonse tsiku lathunthu. Mangani kakhoma kozungulira kamwa la chitsime kofika m'mawondo, muikepo chivundikiro chokwana bwino chopanda mpata. Mukapezamo chule wamoyo, tsitsani ndowa mumutunge. Mukapezamo wakufa, kapani madziwo, ndipo akumwa muziwiritsa kapena kuthiramo klorini. Chitsime chimene chule walowamo mosavuta ndiye kuti madzi oyenda pansi a mvula akulowamonso, ndipo pambuyo pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, imeneyi si nkhani yoitenga mwachibwana.

Chachinayi: chotsani pobisalira njoka

Ichi ndicho chifukwa cha nsapato zija. Pamene pachuluka achule njoka zimabwera kudzadya, ndipo ina mwa zokonda achule ndi ija yolavulira ululu m'maso, imene imayenda usiku ndipo imalowa ngakhale m'nyumba. Tchetchani udzu kuzungulira nyumba. Mulu wa nkhuni, njerwa ndi malata akale musunthire kutali ndi khomo, nkhunizo muziike pa thandala. Mpata wa pansi pa chitseko mutseke ndi thabwa kapena chidutswa cha tayala. Pamenepo mwatsekera chule ndi njoka yomwe. Ngati njoka yalavulira munthu m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, kenako thamangirani naye kuchipatala.

Babu ya pakhonde ndiyo imaitana tizilombo, tizilombo n'kuitana achule. Ngati simukuwafuna pakhomo penipeni, zimitsani pogona kapena isunthireni pakona ya nyumba.

Chachisanu: akalowa m'nyumba, mutulutseni bwinobwino

Mchere ndi madzi otentha ayi. Chule amamwa madzi ndi kupuma kudzera pakhungu, ndiye mchere umamuwotcha n'kumuumitsa ali moyo, imfa yowawa popanda chimene walakwa. Muvundikireni ndi kabeseni, lowetsani katoni pansi pake, mukamusiye kudimba kapena pansi pa nthochi. Mukhozanso kuvala jumbo kumanja n'kumunyamula. Akakukodzerani musadabwe, ndi madzi amene amasunga m'thupi ndipo amawataya akachita mantha. Sambani m'manja ndi sopo mukatha, ndipo ana muwauze kuti asamagwire m'maso kapena m'kamwa akamusewerera. Zoti chule amapatsa njerewere si zoona. Njerewere zimayamba ndi kachilombo kamene anthu timapatsirana tokhatokha.

Galu, makamaka mwana wagalu, amakonda kuluma chule. Timatumba ta kuseri kwa maso tija timatulutsa madzi oyera owawa, ndipo galuyo amayamba kuchita thovu kukamwa n'kumapukusa mutu. Mupukuteni nkhama ndi lilime ndi kansalu konyowa, mobwerezabwereza, mutu atauzyolitsa kuti asameze madziwo. Nthawi zambiri amakhala bwino pakapita kanthawi. Akayamba kunjenjemera, kusanza kosalekeza kapena kulephera kuima, pitani naye kwa alangizi a ziweto.

Chachisanu ndi chimodzi: ngati muli ndi dziwe la nsomba

Kwa mlimi wa makumba kapena chilunguni, apa ndiye pali vuto lenileni. Mbululu zikachuluka zimalimbirana madeya ndi ana a nsomba, ndipo chule wina wophwatalala woterera, amene nthawi zambiri amakhala m'madzi, amadya mbewu ya nsomba, ndiye kuti ana a nsombawo. Yenderani dziwe m'mawa uliwonse nyengo ino. Zingwe za mazira n'zosavuta kuchotsa zisanaswe: zikoleni ndi ndodo kapena kaukonde, muziike mu ndowa ya madzi, mukazikhuthule kudambo kutali ndi dziwe. Mbululu zimakonda kuunjikana m'mphepete mosaya, pamenepo muziwole ndi kaukonde ka maso ang'onoang'ono. Lambulani udzu wa m'mbali mwa dziwe, muike sefa pa paipi yolowetsa madzi, ndipo kadziwe kolereramo mbewu mukatchinge ndi mpanda wa pulasitiki kapena malata wofika m'mawondo, m'munsi mwake mutakwirira m'dothi. Musathire mankhwala m'madzi pofuna kupha mbululu, chifukwa nsomba zanu zidzafera limodzi.

Chomaliza: samalani ndi mankhwala a kumunda

Chiyambire 2017 pamene ntchemberezandonda zinavuta m'minda ya chimanga, kupopera kwachuluka, ndipo mankhwala opha udzu nawonso alowa m'midzi yambiri. Khungu la chule limalowetsa mankhwalawa msanga. Musatsukire sipuleya mumtsinje, padambo kapena pafupi ndi chitsime. Tungani madzi mu ndowa, mukatsukire kumunda komwe mwapoperako. Musapopere mvula ikamaoneka kuti igwa posachedwa, chifukwa zonse zimakokolokera kudambo. Siyani kamzere ka udzu pakati pa munda ndi madzi.

Kudimba la ndiwo, chule ndi wantchito wosalipidwa. Mukafuna kuti akhazikike, tengani mphika wadothi wosweka, muuvundikire pamthunzi pansi pa nthochi, mbali yoswekayo ikhale khomo, ndipo pothirira masamba muzidonthezapo madzi pang'ono kuti pansi pake pazikhala chinyontho.