Paipi yaphulika m'nyumba: muyambe kutseka chiyani?

Mwafunsa kuti paipi ikaphulika, madzi n'kumayenderera kumene kuli masoketi, muyambe ndi madzi kapena magetsi. Yambani ndi magetsi, ndiwo amapha.

Pitani pabokosi la maswitchi lija amagetsi amati DB, mugwetse switchi yaikulu ya main ifike pa OFF. Manja akhale ouma, ndipo muvale nsapato za labala. Ngati madzi afika kale pabokosipo, musaligwire. Tulukani nonse muimbire a ESCOM. Musanamizike poti magetsi anali atathima kale, amabwera osaodira. Amene muli ndi inveta kapena sola zimitsaninso zimenezo, chifukwa mabatire amapitiriza kupereka moto ngakhale main yagwa.

Tsopano madzi. Valavu yotsekera madzi a nyumba yonse imakhala panja, pafupi ndi mita ya Water Board, ndipo m'makomo ambiri inakwiririka ndi dothi ndi udzu. Ikakhala ya kawilo, potokolerani kumanja monga mutsekera mpopi mpaka italimba. Ikakhala ya kandodo, khotetsani kandodoko kapingase paipi. Yadzimbiri musaikakamize ndi sipanala, ingathyoke madzi n'kuchita kukhuthuka. Ipotokoleni pang'onopang'ono.

Ambiri amaiwala thanki ya pamwamba. Mungatseke pamita, iyo imapitirizabe kutsitsa madzi, choncho tsekaninso valavu yake. Kenako tsegulani mpopi wapanja kuti otsala m'mapaipi atuluke.

Main musaikweze mpaka masoketi onyowa atauma ndipo wamagetsi atawaona. Giza, thanki yotenthetsera madzi ija, ikhale yozimitsa kufikira itadzazanso madzi, apo ayi elementi, kachitsulo kotenthetsa madzi m'kati mwake, ipsa.