Mmene mungakonzere shopu yanu a zaumoyo asanatulukire

A zaumoyo sapangana nanu tsiku. Akafika sachedwa pakauntala pomwe mwapukuta bwino, amalunjika kuseri kosungira katundu. Inunso yambirani komweko.

Nyamulani matumba ndi makatoni onse pansi. Akhale pamashelefu, pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi, osagunda khoma, kuti tsache lizilowa komanso muziona msanga zitosi za makoswe. Sopo ndi mankhwala ophera tizilombo zikhale kwazokha, kutali ndi zakudya.

Kenako firiji, ndipo apa mumvetsetse chifukwa ndi pomwe zinandivuta. Yanga inkalira bwinobwino, ukapisa dzanja umamva kuzizira. Koma woyendera atalowetsa thermometer, kachipangizo koyezera kutentha, anapeza kuti kutentha kwa mkatimo kwadutsa muyezo, ndipo nyama ndi mkaka zinatayidwa ine ndikuona. Labala ya chitseko inali itang'ambika pakona yapansi, mpweya wozizira unkathawira pomwepo usiku wonse. Dzanja silingakuuzeni zimenezi. Gulani thermometer yanu, mtengo wake sufika n'komwe pa katundu amene mungataye. Firiji ikhale pa 5°C kapena kutsikirapo, freezer pa -18°C, chifukwa pakati pa 5°C ndi 60°C m'pamene majeremusi amaswana mofulumira. Muzilemba m'kope zomwe thermometer yaonetsa m'mawa ndi madzulo, woyendera amafuna kuliona. Labala iyeseni chonchi: panitsani pepala ndi chitseko n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, labalayo yatha. Musadzaze firiji mpaka kukamwa, mpweya uzizungulira, ndipo nyama yaiwisi izikhala pansi penipeni kuti magazi asadonthere pa zina.

Ogulitsa mafiriji akale ena amangopenta kunja, labala n'kusiya yomweyo. Muziyesa musanalipire.

Za madeti mukuzidziwa, katundu wakale patsogolo, watsopano kumbuyo. Koma chenjerani ndi oodetsa amene amabwera ndi mtengo wotsika modabwitsa. Yang'anani ngati deti silinafufutidwe kapena kumatidwa pepala lina pamwamba, ndipo wokana kupereka lisiti musamugule kanthu. Chitini chotupa chitayeni ngakhale deti lake lili patali, mkati mwake mungakhale poizoni wa botulism yemwe amapha. Ogula athu ambiri ndi ana otumidwa, saona zimenezi, amangokhulupirira ife.

Zotsalazo n'zachidule. Madzi ndi sopo posamba m'manja, bini yokhala ndi chivundikiro, chimbudzi chaukhondo. Wantchito amene akutsegula m'mimba kapena kusanza akhale kunyumba. Layisensi ndi mapepala akuchipatala a antchito ziikeni mu fayilo imodzi pafupi.